Shuga akumakwera m'mawa chonsecho usiku sindidya kanthu, ndithandizeni maganizo

Amake Tadala analemba:

Moni nonse abale. Pepani ndilemba zambiri, mutu wanga sukuyenda bwino masiku ano nde ndingokhuthula zonse. Ndili ndi zaka 44, ntchito yanga ndi yokhala pampando pakompyuta kuyambira 8 koloko mpaka 5, nthawi zina ngakhale lanchi ndimadyera pomwepo padesiki. Miyezi iwiri yapitayo ndinapita kuchipatala chifukwa cha ludzu losatha, usiku ndimadzuka mwina kanayi kukataya madzi, komanso maso amachita ngati muli nkhungu ndikamawerenga pafoni. Anandiyeza m'mawa ndisanalawe kanthu inatuluka 8.1, anati ndibwerenso, ulendo wachiwiri 7.9, kenako anatenga magazi a pamkono kuyeza ina ija amati HbA1c, yoonetsa mmene shuga wakhalira miyezi yapitayi, inatuluka 7.2. Adokotala anati mayi muli ndi shuga wa mtundu wachiwiri, anandilembera mapilitsi a metformin nkundiuza kuti ndichepetse thupi komanso ndizilimbitsa thupi, basi. Panja panali mzere wautali nde sindinathe kufunsa zambiri.

Chikundisowetsa mtendere ndi nkhani ya bambo anga. Iwonso anali ndi shuga, ndipo zinayamba ndi kachilonda kakang'ono pachala chachikulu chaphazi, nsapato yatsopano inawathina tsiku limodzi lokha, iwo osamva kupweteka kulikonse. Ndine amene ndinkawatsuka bala lija m'mawa ndi madzulo kwa miyezi itatu, fungo lake ndimalikumbukabe mpaka lero, mapeto ake anawadula mwendo mmunsi mwa bondo. Nde adokotala atangotchula kuti shuga ine ndinangoona mwendo wa bambo uja basi, zina zonse zomwe ananena sindinazimve bwino.

Ndagula kamashini koyezera pachala ndipo chikundizunguza ndi ichi, ndikamagona imakhala mwina 6.9 koma ndikadzuka m'mawa 7.8 kapena 8, chonsecho usiku wonse sindinadye kalikonse. Shuga ameneyu akuchokera kuti? Dzana ndinagona ndi njala dala kuti ndione, m'mawa inatuluka 8.2, ndinalira ndithu.

Chinanso, kodi zoona munthu angathe kutsitsa shuga ndi kadyedwe ndi kuyenda mpaka kusiya mapilitsi? Ine mankhwala a tsiku ndi tsiku moyo wonse ndikuwaopa, komanso metformin akunditsegula mmimba. Mnzanga wakuntchito akuti ndisiye shuga wa mutiyi ndizithira uchi chifukwa ndi wachilengedwe, ndizimwanso sinamoni m'madzi otentha. Tiyi ndimamwa makapu anayi patsiku, masupuni atatu kapu iliyonse, ichi ndikuvomera. Amene mwadutsamo chonde ndiuzeni zomwe zinakuthandizani zenizeni.

Mdala Woyenda analemba:

Amake Tadala pepani kwambiri ndi za bambo anu. Ine ndinapezeka nawo mu 2013, pano ndili ndi zaka 61, miyendo yonse iwiri ilipo ndipo maso akuona, nde mtima ukhale mmalo mayi, zomwe zinawachitikira bambo sikuti zinalembedwa kuti zikuchitikiraninso.

Choyamba musamagone ndi njala dala, zimenezo sizithandiza ndipo mawa lake mumadya mobwezera. Za kukwera kwa m'mawa alipo odziwa bwino afotokoza, ine ndinene zomwe ndinaziona ndi maso anga. Kamashini kanu kaja musamangokagwiritsa ntchito m'mawa mokha, nambala ya m'mawa imangokudandaulitsani osakuphunzitsani kanthu. Muziyeza musanayambe kudya, ndiyeno muyezenso pakatha maola awiri kuchokera pomwe munayamba kudya, mulembe mukabuku zomwe munadya ndi manambala awiriwo. Simukuyenera kutero pa chakudya chilichonse ayi, timapepala toyezera tija timatha msanga, sankhani chakudya chimodzi patsiku, lero cham'mawa, mawa chamasana, mkuja chamadzulo. Pakatha masabata awiri kabukuko kamakuuzani kokha amene akukupwetekani ndani.

Ine kabuku kanga kanandionetsa mpunga. Mbale yodzadza ya mpunga woyera ndi kanyama pang'ono, ndisanadye 6.4, patatha maola awiri 12.3. Sabata yotsatira ndinadula mpunga uja pakati, ndinayamba kudya masamba ndi nyemba kaye mpunga pomaliza, inafika 8.9. Kenako ndinachita zomwezo koma nditangotsuka mmanja ndinavala nsapato nkuyenda mphindi 15, inatuluka 7.6. Mpunga womwewo, mphika womwewo. Kuyambira tsiku limenelo sindikhala pansi ndikatha kudya, kukagwa mvula ndimazungulira mnyumba momwemo kapena kukwera ndi kutsika masitepe, adzukulu anazolowera amangonditsatira pambuyo. Inu poti mumadyera padesiki, yambani ndi zimenezi, mukatha lanchi tulukani muyende ngakhale mphindi 10 zokha, ndipo pantchitopo muzidzuka pakapita theka la ola kuimako pang'ono.

Tsopano tiyi wanuyo tiwerengere limodzi. Kasupuni kamodzi ka shuga ndi magalamu pafupifupi 4, inu masupuni 12 patsiku, ndiye kuti magalamu 48 mukungomwa musanadye nkomwe. A WHO mu 2015 ananena kuti shuga wothira asafike 10 peresenti ya mphamvu zomwe munthu amadya patsiku, ndipo zingakhale bwino kwambiri atatsika pa 5 peresenti, omwe ndi masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 6, ndipotu amenewo amanena za munthu aliyense ngakhale wopanda matendawa. Botolo la 330 ml la zakumwa zotsekemera zija limakhala ndi magalamu pafupifupi 35. Jusi nayenso musamukhulupirire ngakhale wofinya nokha, malalanje atatu kapena anayi amalowa mukapu imodzi, zotsalira zonse zija zomwe zimachedwetsa shuga kulowa m'magazi mwataya, mwangomwa madzi a shuga. Idyani lalanje limodzi lathunthu, mutafune.

Ine sindinasiye shuga wa mutiyi tsiku limodzi, ndinkachotsa supuni imodzi pa masabata awiri aliwonse, lilime limazolowera, lero munthu akandithirira ndimalephera kumwa. Uchi ndi shuga yemweyo mayi, kamashini sikadziwa kuti wachokera ku njuchi, yesani nokha muone.

Kanthu kena kakang'ono koma kanandipusitsapo, sambani mmanja ndi sopo nkupukuta bwino musanabaye chala. Tsiku lina ndinasendera mdzukulu lalanje kenako nkuyeza, inatuluka 14, mtima unangoti phwii, akazi anga anati kasambeni kaye mmanja, nditayezanso inali 7.

Chisomo_88 analemba:

Amayi pepani ndi zomwe mukudutsamo. Ine ndikugwirizana ndi mnzanu wakuntchito uja, zachilengedwe ndi zabwino kusiyana ndi mapilitsi. Azakhali anga anali pa mankhwala a shuga zaka zinayi, anasiya okha nkuyamba kumwa sinamoni ndi adyo ndi mandimu m'madzi ofunda m'mawa uliwonse, pano papita chaka akuti akumva bwino kwambiri, thupi linachepa, sakupitanso kuchipatala. Ine ndimamva anthu ambiri akunena kuti mapilitsi amenewa ndi amene amaononga impso, nde inu poti akukutsegulani kale mmimba ndi chizindikiro choti thupi lanu likuwakana. Ndikunena izi chifukwa ndakumverani chisoni ndi nkhani ya bambo anu, sindikufuna kuti muvutike ndi mankhwala moyo wonse. Yesani mwezi umodzi osamwa muone mmene mumvere.

Nesi Wausiku analemba:

Achemwali a Chisomo ndikudziwa kuti mwalemba ndi mtima wabwino koma chonde ndiloleni nditsutse, chifukwa malangizo amenewa ndi amene amatibweretsera anthu kuwodi mochedwa. Shuga wokwera nthawi zambiri sapweteka, munthu amatha kuyenda ndi 13 kapena 15 kwa chaka akumva bwinobwino pomwe timitsempha ta m'maso, mu impso ndi kumapazi tikuonongeka mwakachetechete. Ndipo kuchepa thupi kwa azakhali anuko kukundidetsa nkhawa, shuga akapyola pafupifupi 10 impso zimayamba kumutayira mumkodzo, munthu amaonda chifukwa chakudya chikungodutsa, abale nkumayamikira kuti mwachepa bwino. Apititseni akayezetse HbA1c sabata ino, ikatuluka bwino tonse tisangalala.

Za impso zija anthu amazitembenuza. Chimene chimaononga impso ndi shuga wokwera ndi BP yokwera kwa zaka zambiri. Metformin amatuluka mthupi kudzera mu impso, nde impso zikafooka adokotala amachepetsa mlingo kapena kumusiyitsa kuti asaunjikane, anthu poona zimenezi amaganiza kuti mankhwalawo ndi amene anapha impso. Ndipo kwa amene mumakonda zachilengedwe, metformin mbiri yake inayambira pa chomera chotchedwa Galega officinalis chomwe anthu a ku Ulaya ankagwiritsa ntchito kalekale, dokotala wa ku France dzina lake Jean Sterne ndi amene anayamba kumupereka kwa odwala shuga mu 1957. Kusiyana kwake nkwakuti mu pilitsi mlingo umadziwika. Sinamoni kuthira pang'ono muchakudya palibe vuto, koma kafukufuku wake zotsatira zimasemphana, ndipo mtundu wofala uja wa cassia uli ndi coumarin yemwe amatha kupweteka chiwindi ukamamwa wambiri tsiku ndi tsiku.

Amake Tadala, kutsegula mmimba kumachitika kwa ambiri masabata oyambirira. Muzimwa pilitsi pakati pa chakudya kapena mukangotha kudya, osati mmimba mulibe kanthu, zikapitirira bwererani mukanene, amatha kutsitsa mlingo nkumakweza pang'onopang'ono kapena kukupatsani mtundu wosungunuka mochedwa. Musangosiya mwakachetechete.

Tsopano funso lanu la m'mawa lija. Shuga ameneyo akuchokera m'chiwindi chanu. Chiwindi chimasunga shuga ndipo usiku chimamutulutsa pang'onopang'ono kuti ubongo usasowe chakudya mukugona. Kukamayandikira kucha, cha m'ma 3 mpaka 8 koloko, thupi limatulutsa mahomoni okudzutsani monga cortisol ndi growth hormone, amenewa amauza chiwindi kuti chiwonjezere. Izi zimachitikira munthu aliyense, koma wopanda matendawa kapamba amatulutsa insulini wokwanira, homoni yotsitsa shuga m'magazi, nkuletsa chiwindi chisapyole muyezo. Mwa inu thupi silikumumvera bwino insulini nde chiwindi chimangopitiriza kuthira. Ndiye chifukwa chake munagona ndi njala koma nambala osatsika, simunalakwitse kanthu. Ndipo ntchito yaikulu ya metformin ndi yomweyo, kuchepetsa shuga wotuluka m'chiwindi.

Zomwe anena a Mdala Woyenda zoyenda mukatha kudya zili ndi chifukwa chake. Minofu ikamagwira ntchito imatsegula timakomo tolowetsera shuga ngakhale insulini asakumveka bwino, ndipo minofu ndi imene imatenga gawo lalikulu la shuga wa chakudya. Nde kuwonjezera pa kuyenda mphindi zosachepera 150 pa sabata, masiku awiri pa sabata chitani zolimbitsa minofu, sizifuna jimu ayi, khalani pampando nkudzuka osagwira paliponse kakhumi, pumani, bwerezani katatu, ntchafu ndi matako ndi minofu ikuluikulu kwambiri mthupi.

Kodi mumagona maola angati? Ndafunsa chifukwa ambiri amaiwala zimenezi. Mu 1999 ofufuza a ku University of Chicago anagoneka anyamata 11 athanzi maola 4 okha usiku uliwonse kwa masiku 6, matupi awo anayamba kuchedwa kuchotsa shuga m'magazi chonsecho anali anyamata opanda matenda. Ine ndimagwira usiku nde ndimaziona pa ine ndemwe. Nkhawa nayonso imakweza cortisol yemwe uja, nde kulira ndi kusagona chifukwa cha nambala ya m'mawa kukhoza kukhala kukuthandizira kuikweza. Ngati amuna anu amanena kuti mumaliza mkonono kwambiri nkumabanika kutulo, kanenenso zimenezo kuchipatala.

Za kusiya mapilitsi, yankho ndi lakuti kwa ena zimatheka ndithu, makamaka amene angopezeka nawo kumene ngati inuyo ndipo ali ndi thupi loti lichepe. Ku Britain kunachitika kafukufuku wotchedwa DiRECT, anatsogolera ndi Roy Taylor wa ku Newcastle ndi Mike Lean wa ku Glasgow, zotsatira zinatuluka kumapeto kwa 2017. Anatenga anthu onenepa amene anali asanapyole zaka 6 chipezekereni ndi shuga, nkuwathandiza kuchepetsa thupi kwambiri moyang'aniridwa ndi achipatala. Patatha chaka 46 mwa 100 alionse shuga wawo anali atabwerera pansi osamwa mankhwala, ndipo mwa amene anataya makilo 15 kapena kuposa anali 86 mwa 100. Maganizo a Taylor ndi akuti mafuta akachoka m'chiwindi ndi mu kapamba ziwalozi zimayambanso kugwira bwino ntchito. Koma patatha zaka ziwiri chiwerengero chija chinatsika kufika pa 36, chifukwa thupi likabwerera shuga nayenso amabwerera, nde sitinena kuti wachira, timati matenda agona. Ndondomeko yake ndi yakuti mumwe mankhwala uku mukusintha moyo, pakatha miyezi itatu mukayezetsenso HbA1c chifukwa imaonetsa za miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, manambala akatsika adokotala ndi amene achepetse. Si onse a mtundu wachiwiri amene ali onenepa, woonda kale asadzizunze ndi njala pofuna kutsanzira zimenezi.

Poti bambo anali nawo ndipo inunso mwapezeka nawo, achimwene ndi achemwali anu auzeni akayezetse. Kuyambira 5.6 mpaka 6.9 m'mawa usanadye ndiye kuti uli pakhomo, 7.0 kupita mtsogolo ndi matenda. Amene ali pakhomowo ndi amene kusintha moyo kumawapindulira kwambiri, kafukufuku wa ku America wa Diabetes Prevention Program mu 2002 anapeza kuti kuyenda mphindi 150 pa sabata ndi kuyesetsa kutaya 7 peresenti ya kulemera kwa thupi kunachepetsa mwayi wodwala ndi 58 peresenti, pomwe metformin yekha anachepetsa ndi 31.

Wajakisoni analemba:

Ine ndingowonjezerapo za ife a mtundu woyamba chifukwa wina akhoza kuwerenga zapamwambazi nkuganiza kuti zikukhudza aliyense. Ndinapezeka nawo ndili ndi zaka 16, pano 29, ndimadzibaya insulini kanayi patsiku. Kwa ife kapamba sapanganso insulini, olo utayenda makilomita angati olo utadya masamba okhaokha, popanda jakisoni masiku ochepa chabe umagonekedwa uli chikomokere. Insulini asanatulukiridwe ku Toronto mu 1921 ana ngati ine ankangofa, woyamba kubayidwa anali mnyamata dzina lake Leonard Thompson mu January 1922. Nde munthu akabwera kwa mayi amene mwana wake ali pa insulini nkumati musiyitseni timupatse zitsamba, ine zimandipweteka mumtima kwambiri, ndinataya mnzanga amene tinkakumana kukiliniki chifukwa cha mawu ngati amenewo, anali ndi zaka 19.

Amayi, kuyenda ndi kudya bwino ndimachita nanenso ndipo kumandithandiza, kungoti dziwaninso mbali inayo, shuga amathanso kutsika mopyola. Pa metformin yekha sizichitikachitika, koma tsiku lina akadzakuwonjezerani glibenclamide kapena gliclazide kapena insulini muzidzasamala, makamaka mukadumpha chakudya kapena mukayenda mtunda wautali. Ikatsika pansi pa 3.9 ndiye kuti yavuta. Ine zinandichitikira nditasewera mpira madzulo nkugona osadya mokwanira, ndinadzuka 2 koloko usiku malaya atanyoweratu ndi thukuta, manja akunjenjemera moti botolo la timapepala ndinalephera kutsegula, ndikufuna kuitana mng'ono wanga lilime osatembenuka. Iye ndi amene anamva ndikugwetsa zinthu, anayeza inali 2.4, anasungunula masupuni anayi a shuga m'madzi nkundimwetsa. Lamulo lake ndi magalamu 15 a shuga, dikirani mphindi 15, yezaninso, ikadali pansi bwerezani, ikakwera idyani chakudya chenicheni. Munthu akakomoka osamuthira kanthu mkamwa angatsamwe, thamangirani naye kuchipatala. Apa ndi pokhapo pomwe zotsekemera zija zimakhala mankhwala, ine mthumba simusowa maswiti.

Mowanso anthu sadziwa, umatangwanitsa chiwindi moti chimaleka kutulutsa shuga usiku, nde amene ali pa insulini kapena mapilitsi ndatchula aja akamwa osadya shuga amatha kugwa ali mtulo, anzake nkumati waledzera musiyeni agone. Auzeni a pakhomo panu zizindikirozi, ngakhale Tadala adziwe.

Amake Tadala analemba:

Ndabweranso patatha masabata atatu, zikomo nonse, ndinawerenga mobwerezabwereza mpaka zina ndinakopera mukabuku. A Chisomo zikomo chifukwa cha chisoni chanu koma mapilitsi sindinasiye, ndikumwera pakati pa chakudya monga ananenera anesi ndipo mmimba mwakhazikika kuyambira sabata yachiwiri. Azakhali aja munawapititsa?

A Mdala kabuku kaja kandionetsa zomwe sindinkayembekezera, ine ndimaganiza kuti vuto ndi chakudya chamadzulo koma ayi ndi cham'mawa. Masilayisi anayi a buledi woyera ndi tiyi wanga uja, ndisanadye 7.7, patatha maola awiri 13.1, ndinayeza kawiri chifukwa sindinakhulupirire ndipo mmanja ndinali nditasamba. Pano ndikudya mazira awiri, silayisi imodzi ya buledi wabulauni ndi tomato, tiyi supuni imodzi, ikumafika 8.8 kapena 9. Uchi ndinayesa tsiku limodzi kuti ndikamuuze mnzanga uja zoona zake, inakwera chimodzimodzi, ndinamuonetsa chithunzi pafoni.

Lanchi ndikatha ndikumazungulira nyumba ya ofesi yathu katatu, zimatenga mphindi 12, anzanga awiri ayamba kunditsatira. Madzulo ndimayenda ndi Tadala, iyeyo ndi amene amandikumbutsa ndikayamba ulesi. Za tulo anesi munalasa, ndinkagona cha m'ma 12 ndili pafoni kuwerenga za shuga zomwezi nkudzuka 5 koloko. Pano foni ndikumaisiya pabalaza 10 koloko. Ya m'mawa ikumakhala pakati pa 6.8 ndi 7.3, siinafike pomwe ndikufuna koma 8 sindinamuonenso, sikelo ikuti ndataya makilo awiri ndi theka. Achimwene anga akulu anakayezetsa inatuluka 6.3, ayamba nawonso kuyenda.

Koma pali china ndikuopa kufunsa. Usiku zala zakuphazi lakumanzere zikumachita dzanzi, nthawi zina ngati tikundibaya timasingano. Zinayamba ndisanapite nkomwe kuchipatala koma sindinanene. Kodi ndi zija za bambo zayamba?

Nesi Wausiku analemba:

Mwachita bwino kunena mayi, ndipo manambala anuwo akuyenda bwino kwambiri pa masabata atatu okha. Dzanzilo musadikire nalo tsiku la miyezi itatu lija, pitani sabata ino mukanene monga mwalembera apa, kuti ndi phazi liti, zinayamba liti, zimabwera nthawi yanji. Ikhoza kukhala mitsempha yomwe shuga anayamba kuikhudza musanadziwe kuti muli naye, anthu ambiri amakhala naye zaka asanapezeke, koma poti ndi phazi limodzi ukhozanso kukhala mtsempha wopanikizika kumsana kapena nsapato, palinso kuchepa kwa vitamini B12 komwe amayeza m'magazi. Akakuvulani nsapato, akakugwirani kumva kugunda kwa magazi paphazi, nkukukhudzani ndi kaulusi kolimba mutatsinzina kuti aone malo omwe simukumva. Mukapemphenso kuti akuyezeni maso ndi mkodzo wa impso ngati sanatero, zimenezi zimayenera kuchitika munthu akangopezeka ndi mtundu wachiwiri kenako nkumabwereza, kawirikawiri chaka ndi chaka.

Dzanzi palokha silidulitsa mwendo, chimene chinawapweteka bambo ndi bala lomwe silinaonedwe msanga. Nde poti mwayamba kuyenda kwambiri, usiku uliwonse musanagone yang'anani mapazi onse awiri, pansi pake ndi pakati pa zala, ngati simutha kuwerama ikani kagalasi pansi kapena Tadala akuonereni. Mukasamba pukutani bwino pakati pa zala, madzi otentha muziyamba mwawayesa ndi chigongono, musayende opanda nsapato, ndipo musanavale pisani dzanja mkati mwa nsapato kuona ngati mulibe kamwala. Nsapato yatsopano muzivala ola limodzi kapena awiri tsiku loyamba nkuvula kuona ngati pali pofiira. Mukaona thuza, mng'alu kapena pamalo posintha mtundu, pitani tsiku lomwelo kapena mawa lake m'mawa, osayamba mwathira kanthu kunyumba.

Mdala Woyenda analemba:

Kagalasi kanga kamakhala pansi pa bedi pafupi ndi nsapato zoyendera, chaka cha 12 tsopano. Mukabwerako kuchipatala mudzatiuze zomwe apeza, ndipo achimwene anuwo auzeni agule kabuku kawo.